A Kaonga, Msodzi Wobwezera Nsomba M'madzi

Nthawi imene a Levison Kaonga anali moyo, ku Nthalire kuno kunalibe tambala wa nthenga zokwanira m'khosi. Mukaona tambala akuyenda mwamanyazi, khosi lili pamtunda ngati wathawa mumphika, mumadziwiratu kuti madalawo adutsa. Nthengazo ankazimangirira pa mbedza n'kupanga tizilombo tabodza tonamizira nsomba. Nsomba ikanamizika, ankaikoka, kuiyang'ana kumaso, kuilankhula pang'ono, kenako n'kuibwezera m'madzi. Munthu kuwedza tsiku lonse, madzulo n'kukadyera nyemba.

Ine ndinafika kuno chaka cha riferendamu kuchokera kwathu ku Thyolo, amuna anga a Sosten atatumizidwa kudzagwira ntchito ya zaumoyo. Kumsana ndinali ndi khanda, Vera, ndipo ndinkaopa chilichonse: chiyankhulo chosachimva, mphepo yotsika ku Nyika, msewu umene galimoto inkabwera ikafuna yokha. Koma choopsa koposa chinali mtsinje. Mlongo wanga wamng'ono anapita ndi madzi tili ana, ine ndikuona. Ndiye nyumba imene anatipatsa n'kukhala chakumtunda pang'ono kwa powolokera, poti ukamatsuka mbale madzi umawamva.

Sabata yoyamba yomweyo kunabwera mkulu wina wamtali, wowonda, buluku lonyowa mpaka m'ntchafu, chipewa chili ndi mbedza zokhazokha.

"Monire, anyina mwana," anatero m'Chitumbuka.

Ndinagwada n'kuyankha m'Chichewa changa. Iwo sankayang'ana ine. Maso anali pa kachipewa kofiira kamene ndinamulukira Vera.

"Mwaluka ndimwe aka?"

"Eya, bambo."

"Kufiira kwake kwabwino chomene."

Anatambasula dzanja, nagwira kaulusi kamene kanalendewera kukhutu kwa mwana, nakadula ndi mano, nakaika m'kabokosi ka machesi. "Yewo," basi uyo wapita.

Kwathu munthu wotenga ulusi pa chovala cha khanda sitifunsa kuti akukasoka chiyani. Ndinathamangira kwa a Justina, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, mwana ndamufumbata ngati akundilanda.

A Justina anaseka mpaka anakhala pansi pa mtondo.

"Akutengerani ulusi? Ndiye kuti mwalandiridwa. Ine anandidula mphonje ya shawelo tili pamaliro, ndikulira. Mbuzi ya abusa ilibe ndevu. Galu wa apolisi mchira wake mwauona?"

"Nanga amapangira mankhwala anji?"

"Mankhwala a njala ya akazi awo."

A Sosten nawonso anangoti ndisiye mantha. Koma mwamuna akati siya mantha, manthawo ndiye amakhala pansi n'kuvula nsapato. M'mawa mwake ndinabereka mwana n'kuwatsatira madalawo chapatali, kukabisala m'bango.

Ndinawaona ali m'madzi mpaka m'ntchafu, m'manja muli ndodo yayitali yansungwi, akukwapula mphepo kutsogolo ndi kumbuyo ngati akuweta ng'ombe zosaoneka. Chingwe chinkapinda m'mwamba, n'kutambasuka, kanthenga n'kutera pamadzi mwakachetechete kuposa udzudzu.

"Anyina Vera," anatero osacheuka n'komwe, "tulukani m'bangomo, muli linthumbu. Komanso chithunzithunzi chanu chikundithawitsira somba."

Linthumbulo linalimodi. Ndinatuluka ndikudzikanda.

Anabwera kumtunda nandionetsa kambedza pa chikhatho. Kanali ndi mapiko a nthenga ya nkhanga, thupi la ubweya wa mbuzi, ndipo pakhosi pake panali ulusi wa mwana wanga. Anandiuza kuti ali mnyamata ankagwira ntchito pamwamba pa Nyika, kunyamulira alendo zikwama akamakawedza nsomba za m'madzi ozizira zotchedwa tirauti. Kumeneko ndi kumene anaphunzira za nthengazi. Mlendo wina wa ku Amereka anawauza kuti kwawo kuli tirauti ya khosi lofiira ngati yachekedwa ndi mpeni. Imabadwira mumtsinje, n'kutsikira kunyanja ya mchere kukanenepa, kenako n'kubwerera kwawo, ndipo anthu amaidikira m'mbali mwa nyanjayo ndi ndodo zawo.

"Imeneyo ndiyo ndikudikira," anatero.

"Kuno?"

"Enya."

"Kuno kumene ndi ambulansi yomwe imakana kufika?"

"Somba sifuna msewu, mwana wane."

Tili chilankhulire chingwe chinagwedezeka. Anakoka katemba kosaposa chala changa. Anakanyowetsera dzanja, nakachotsa mbedza mosavuta, poti kaminga kokola ka kunsonga kwake ankakaphwanyiratu ndi mwala kuti nsomba isang'ambike mlomo. Anakayang'ana kumaso.

"Iwe ndiwe mwana. Bwerera ukakule."

Mawu amenewa Nthalire yense ankawadziwa. Mnyamata akafunsira mbeta asanamere ndevu, ankamuuza kuti abwerere akakule. Wogulitsa nthochi zosakhwima pamsika ankauzidwa chimodzimodzi.

Wosaseka anali mmodzi, akazi a a Kaonga, a NyaMtambo. Madzulo alionse pakhomo pawo pankamveka mlandu womwewo.

"Mwagwira zingati lero?"

"Zambiri chomene."

"Zili kuti?"

"Zikukula."

"Ndinakwatiwa ndi msodzi ine," ankatiuza kuchitsime, "koma usipa ndimagula wouma wa ku Karonga, wofika kuno utatopa kuposa ine."

Tsiku lina Lamulungu madalawo analowa m'tchalitchi ulaliki uli pakati, buluku likudontha. Mkulu wa mpingo atawadzudzula panja, iwo anati ngakhale Petulo anali msodzi.

"Petulo ankabwera nazo kunyumba," anayankha a NyaMtambo ataima pomwepo ndi amayi anzawo.

Chaka cha chisankho chinawakomera kuposa aliyense. Chipani chilichonse chikabwera ndi nsalu, a Kaonga anali kutsogolo, kuwomba m'manja, kulandira. Anyamata a zipanizo anafika potopa nawo, nawazungulira pa golosale.

"Asekulu, tiuzeni lero. Inu muli mbali iti?"

"Yachikasu imagwira m'mawa," anatero. "Yabuluu imafuna kukachita mitambo. Tambala wakuda ndimamulemekeza, makamaka khosi."

Aliyense anachoka akuganiza kuti mkuluyo ndi wake. Nsalu zonse zinathera m'kabokosi ka machesi, ulusi umodziumodzi.

Ine ndinazolowera kuwapatsa moni wa Chitumbuka, koma mtsinje sindinauzolowere. Vera atayamba kuyenda ndinkamumangirira chitenje m'chiuno, mbali inayo ku mwendo wanga, ngati mbuzi. Amayi ankandiseka. Ana awo ankasewera kumadzi tsiku lonse, ine n'kumadabwa kuti anthu awa mitima yawo anaiika kuti.

Zinachitika kumapeto kwa dzinja, madzi akadali ambiri ndiponso ofiira. Ndinkayanika ufa pamphasa, ndipo ndinali nditamumasula mwana kuti adye mbatata. Mbuzi ya abusa ija, yopanda ndevu, inalowa mu ufa. Ndinaithamangitsa kuzungulira nyumba kamodzi kokha. Pobwera, mbatata ili pansi, mwana palibe.

Sindikumbuka kuti ndinatsika bwanji. Ndimakumbuka juzi yofiira, imene ndinailuka nditamasula kachipewa kaja n'kuwonjezera ulusi, ili pamwala wochapira, kumapeto kwenikweni kumene kuli ndere. Vera anali atatambasula dzanja kufuna kugwira tombolombo, phazi limodzi lili m'mwamba. Pansi pake madzi ankazungulira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe.

A Kaonga anali atatuluka m'madzi, ali pamtunda chakumbuyo kwa mwanayo, patali poti miyendo yawo yokalamba sikanafika msanga. Anandiona. Anakweza dzanja kundiletsa kukuwa, poti mwana akadzidzimuka akanaterereka. Ndodo inapita kumbuyo, kutsogolo, kumbuyonso. Chingwe chinatambasuka pamwamba pa bango, kanthenga n'kutera pa kolala ya juzi, kuseri kwa khosi. Anakoka kamodzi. Vera anakhala pansi phi, chagada, miyendo m'mwamba, nayamba kulira mokwiya chifukwa tombolombo wathawa.

Chingwe sanachilekerere. Anabwera pang'onopang'ono akuchikulunga, mwana akukwekwerezeka chammbuyo pamwalapo mpaka pamchenga. Ine ndinafika n'kugwada pamchengapo. Anachotsa mbedza, osadula ngakhale ulusi umodzi wa juziyo. Kenako anamunyamula m'khwapa namuyang'ana kumaso, monga ankachitira ndi matemba.

"Khosi lofiira," anatero. "Zaka zonsezi ndimayang'ana kumadzi, kani ibwera kuchokera kumtunda."

Anamutembenuza uku ndi uku.

"Koma njaing'ono. Bwerera ukakule."

Anandipatsa m'manja. Ndinalira mpaka mwana anasiya kulira n'kumandiyang'ana. Kenako ndinafunsa kuti ndiwathokoze ndi chiyani, nkhuku kapena ufa. Iwo anayang'ana juzi ija. Ndinawamasulira mkono wonse wa juziyo, ndipo Vera anatha chisanu chimenecho mkono umodzi uli panja.

Nkhaniyi inakula ikuyenda. Pamsika ankati anamuvuula pakati pa mtsinje. Pofika ku Chitipa boma, a Sosten anakamva kuti mkulu wina wa ku Nthalire anawedza mwana, mayi wake ndi mbuzi, ndi mbedza imodzi. A NyaMtambo anangoti, "Yoyamba yonona m'moyo mwake, nayonso wabweza."

Madzulo a tsiku limene anamuwedza Vera lija ndinawafunsa a Justina chimene chinkandivuta kuyambira kale, kuti amalola bwanji ana kusewera kumadzi.

"Nanga si kuli a Kaonga?" anatero, ngati ndafunsa kuti dzuwa limatuluka kuti. "Mumayesa amaimirira powolokera chifukwa pali somba? Somba zili kumtunda uko, ku dziwe. Iwo akudziwa bwino."

Sindinawafunse eni akewo. Ndikudziwa akanandiuza kuti chithunzithunzi changa chikuthawitsa nsomba.

Anamwalira m'nyengo yozizira, Vera ali sitandade 2. Chifuwa, a dokotala anati, cha munthu woima m'madzi zaka zambiri. Pa bokosi anaikapo chipewa chija, ndipo onyamula maliro awiri anakoledwa malaya. A NyaMtambo, amene tinkayesa kuti apuma, ankalira akuti, "Ndifunsa yani kuti zili kuti?"

Tsopano atambala a ku Nthalire ali ndi makosi onyezimira, amayenda modzikuza ngati a kasitomu a pa boda. Mbuzi zamera ndevu. Shawelo umapita nayo kumaliro n'kubwera nayo yathunthu. Koma powolokera pali zii. Amayi amene ankandiseka aja ayamba kuitana ana awo mokuwa dzuwa lisanapendeke, ndipo ndaona zitenje ziwiri zitatu zitamangidwa m'chiuno mwa ana. Ine ndili ndi wachiwiri, Mthunzi, amene wayamba kumene kuyenda, ndipo mapazi ake amaloza kumadzi ngati anamutuma. Vera amawoloka pomwepo popita kusukulu.

Mwezi watha a NyaMtambo anabwera kwathu atanyamula ndodo yansungwi ija ndi kabokosi ka machesi.

"Ana anga akufuna kuthyolera mapapaya," anatero. "Tengani ndimwe. Munthu woyang'ana madzi ngati malemu kuno ndinu nokha."

"Ine madzi ndimawaopa, amama."

"Mumayesa iye sankawaopa?"

Ndiye masana ana akamaweruka ndimatsika, Mthunzi kumsana, n'kukaima pamchenga pafupi ndi mwala wochapira. M'madzi sindilowa. Kuponya sindidziwa: ndakola kale duku langa, bango, ndi khutu la a Sosten amene anabwera kudzandiphunzitsa. Ana amandiseka, koma amawoloka akundiyang'ana, ndipo amayi awo kumtunda asiyako kukuwa. Tizilombo ta m'kabokosi tatsala tiwiri, tina tonse tili m'mitengo.

Dzulo tambala wa a Justina anadutsa pakhomo panga, khosi lili waliwali. Ndinamuyang'ana nthawi yayitali. A Justina anandiona ali pakhonde pawo. Anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko, kuti asakhale mboni.