Ola la ku Ulaya Linandilanda Windo

Ndineneretu: pa mlandu umenewu palibe amene anandipachika. Ndinadzipachika ndekha, ndi pakamwa pangapa.

Ndimagwira ntchito pa nyumba ina yosungiramo katundu pafupi ndi doko la Durban. Lole ikamatuluka ndi katundu ndimadina pa kompyuta, iyo n'kulemba yokha nthawi. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Nthawi yotsalayo ndinkangoyang'ana pawindo, sitima zikuyandama pang'onopang'ono ngati sizikufuna kufika. M'maganizo ndinkakwera imodzi, ine kaputeni wa malaya oyera, mkazi wanga ali pambali akundikupiza (nyanja yamchere sanaionepo, koma m'malotomo amasambira bwino zedi).

Lolemba lina chakumapeto kwa Okutobala, a Jafali, kapitawo wathu wa ku Mangochi, anandiitana. Anatseka chitseko n'kuyamba Chichewa. Eish! A Jafali sayankhula Chichewa pantchito.

"Achimwene, mwafika seveni koloko. Koma kompyuta ikuti mwatulutsa lole 6:20, geti lisanatsegulidwe. Abwana akuti kumeneko n'kuba. Mukalephera kufotokoza, ntchito yatha."

Loleyo ndinkaikumbukira, koma mwachimbuuzi, poti ikutuluka n'kuti ine ndili pakati pa nyanja.

"Mwina ndinabwera ndili m'tulo," ndinatero.

"Mukuti chiyani?"

"Ine ndimalota kwambiri, a Jafali. Ngakhale padesiki pomwepo. Tsiku lonse." (Inde, ndinawonjezera "tsiku lonse". Palibe anandifunsa.)

Masana kunabwera mayi wokonza makompyuta, ndipo atangoyang'ana anaseka. Akuti makina osunga zolemba zathu ali ku Ulaya, ndipo kumeneko kukamayamba kuzizira amabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi. Miyezi yonseyi nthawi yawo inkafanana ndi yathu, koma Lamlungu anabweza. Lole yangayo inatuluka 7:20, geti lili chitsegukire. Malole onse a tsikulo analembedwa ola limodzi m'mbuyo, kungoti ine sindinayang'ane.

"Si wakuba," a Jafali anauza abwana. "Koma zinazo wanena yekha."

Ntchito sinathe. Anangotembenuza desiki yanga kuti ndiziyang'ana khoma. Zinandiwawa, sindinama. A ku Ulaya aja ola lawo analibwezeretsa mu Malichi, ine windo langa mpaka lero.

Komatu pakhomapo pali pamene penti inasupuka, ndipo ukapayang'anitsitsa, ndi sitima ndithu. Dzulo tinafika nayo kutali.