Mabotolo a Mchenga a Pulofesa Geresomo

Ku Mlolo ngakhale khanda linkadziwa kuti a Pulofesa Geresomo amatapa mchenga. Anaphunzitsa zaka makumi atatu ku mayunivesite akunja, kufufuza timiyala timene timayendetsa foni. Atabwerera kwawo, ntchito inangokhala kuzungulira padooko la Shire dzuwa lili paliwombo, atavala ovolosi yoyera mbee yophimba ndi mutu womwe. Ankawerama, kutapa ndi supuni, kuthira m'botolo, n'kulembapo tsiku.

Nanga kwathu kuno wotapa dothi pamene waponda mnzake timamutchula chiyani? Asodzi akuluakulu anayamba kuyenda akukoka nthambi kumbuyo, kufufuta mapazi awo.

Otilia, wogulitsa milamba youma, analimba mtima.

"Bambo, mapazi a anthuwa mukupita nawo kuti?"

"Si mapazi, mayi! Mchengawu ukauyenga bwinobwino umasanduka ubongo wa foni."

"Ndiye kuti umalankhula?"

"Umakumbukanso."

Otilia analiyatsa liwiro, dengu kulisiya pomwepo.

Kenako kunabwera madzi osefukira. Ernest, mwamuna wa Otilia, anatsikira kudooko kukamangirira bwato, osabwerako. Mtembo sunapezeke. Nyumba inapita, zovala zinapita, ndipo akuchimuna anati sangalire maliro popanda choika m'manda. Miyezi inayi Otilia anakhala choncho, wosakhala pabanja, wosakhala wamasiye. Zinamuwawa koopsa.

Tsiku lina anakwera chitunda cha a Pulofesa. M'nyumba munali zii, mabotolo ndandanda mpaka kudenga.

"Ndabwera kudzatenga amuna anga."

A Pulofesa anatsegula pakamwa kuti ayambe kuphunzitsa, n'kutsekanso. Anayendetsa chala pa masikuwo, natsitsa botolo limodzi.

"Tsiku ili anandidutsa akukoka nthambi yawo. Koma phazi limodzi anaphonya."

Kaya zinali zoona, kaya. Botololo analiika m'manda ndi nyimbo zonse, Otilia n'kumetedwa.

A Pulofesa anatisiya Ogasiti wa chaka chatha. Achibale awo a m'tauni anangosuzumira m'nyumbamo, kutuluka chobwerera m'mbuyo, kiyi n'kumusiyira Otilia. Padooko tikusowa wotiseketsa, abale. Shire akatenga munthu, ofedwa amakwera chitunda, Otilia n'kuwatsegulira kuti afufuze tsiku lawo. Sabata yatha kunabwera mayi wina wofuna mwana wake amene anamira mu Januwale wa chaka chino. Anayang'ana mashelefu onse kawiri. Mabotolo analekeza mu Ogasiti.