Tsiku Limene Ndinabzala Zitsulo za Lameki

Malemu amuna anga ankandichenjeza kuti, "Nabanda, kusuzumira pawindo kwanuku, tsiku lina mudzadziitanira apolisi pakhomo panu pomwe." Ine ndinkangowasiya alankhule, poti iwo ankakhulupirira aliyense, ngakhale wogulitsa mawotchi pasiteshoni. Lero ndikuvomera kuti ananena zoona, ndipo zikundiwawa.

Inali nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lino, anyamata akungosowa m'makomo, kenako n'kumveka kuti awolokera ku Mozambiki kukalowa gulu la ankhondo a kutchire. Kuno ku Tafara, komboni ya m'dziko la eni lino limene tinabwerako kudzafuna ntchito, ndinkakhala ndi mdzukulu wanga Lameki, amene ndinamulera ndekha mayi ake atamwalira. Ankaphunzira udokotala kuyunivesite, ndipo holide ina anabwera atasintha. Mimba italowa, mapewa atatambasuka, mikono ngati ya onyamula matumba kumsika. Nditamukazingira nkhumba yonona, ija ankanyambita nayo zala ali mwana, anachotsa mafuta onse n'kuwaika m'mphepete mwa mbale.

"Kodi akukumana chakudya kusukuluko?"

"Ayi agogo. Mafuta a pamimba ndi amene amabweretsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Minofu ikalimba imadya shuga wa m'thupi."

(Kwathu ku Dedza wonenepa ndiye wodya bwino. Wowonda timamufunsa kuti akudwala chiyani.)

Kenako anayamba kuthamanga m'mawa uliwonse mpaka ku Mabvuku, komboni yoyandikana nafe. Kenako anathira simenti m'zitini ziwiri za penti, kulowetsa chitsulo chachitali pakati, n'kumanyamula kuseri kwa nyumba akubuula. Kenako kunayamba kubwera anzake. Ankavula malaya, iye n'kumawatsina pamimba ndi pamkono ndi kachitsulo kokhala ngati dzanja la nkhanu, n'kumalemba m'kope. Tsiku lina ali kosamba ndinatsegula kopelo (musandiweruze, nyumba ndi yanga). Mayina a anyamata okhaokha, manambala pambali. Ndinangoti basi, uwu ndi mndandanda wa opita kutchire, ndipo mwana wanga ndiye akuwayeza mphamvu.

Sindinamufunse. Munthu ukamufunsa umangomuphunzitsa kubisa. Sindinauzenso aliyense, pakuti masiku amenewo mzere uliwonse wa nyumba unali ndi mutengesi wake, uja wogulitsa anzake kwa apolisi. Ndinaganiza ndekha kuti zitsulo ndi kope zikasowa, umboni palibe, ndipo mwanayo akafewa thupi a kutchire samufuna.

Lachitatu masana, Lameki atapita m'tauni, ndinakumba dzenje m'kadimba kanga ka repu. Chitsulocho ndinachikoka chobwerera m'mbuyo, msana ukulira ngati chitseko chakale. Kope ndi kankhanu kaja ndinazikulunga m'pulasitiki. Ndinakwirira zonse n'kubzalanso repu pamwamba. Tsono taganizirani, repu wofota pamulu wautali ngati manda a munthu wamkulu. Ndipo m'malo mochokapo, ndinatenga mpando n'kukhala pomwepo kulondera masiku awiri, kupirikitsa ngakhale nkhuku.

Amake Esinati, oyandikana nafe a ku Chipata, anasuzumira pampanda.

"Amama, mwaika ndani pamenepo?"

"Manyowa."

"Manyowa olondera?"

Naye Lameki anasakasaka zinthu zake. Ndinamuuza kuti mbala za zitsulo zachuluka.

"Mbala yoba ndi kope lomwe, agogo?"

"Mbala za masiku ano n'zophunzira."

Loweruka m'mawa galimoto ya apolisi inaima pageti. Munatsika sajeni wa chimimba, ndi apolisi awiri onyamula mafosholo. Mzere wonse unatuluka, ena thovu la sopo lili kumanja.

"Mbuya, tamva kuti pano pakwiriridwa mfuti," anatero sajeni, kunditchula agogo m'chinenero cha kuno.

Anakumba. Fosholo itagunda chitsulo, apolisi analumphira m'mbuyo, azimayi ena anagona pansi. Pamene zinatuluka zitini za penti, anthu anaseka mpaka kugwirana. Koma sajeni atatsegula kope lija sanaseke.

"Mayina awa ndi a ndani? Manambalawa ndi a chiyani?"

Anamugwira Lameki pamkono. Galimoto ija ndinkaiopa usana ndi usiku, ndinali nditaiitana ndekha ndi khasu langa.

"Ndi ntchito ya kusukulu, a sajeni," anatero Lameki, mawu ali phee. "Tikuyeza mafuta a m'thupi mwa ophunzira, tione kusiyana kwa olimbitsa thupi ndi ongokhala. Ndiloleni ndikuonetseni."

Anatola kankhanu kaja n'kutsina mimba ya sajeni. Kanayasamula mpaka pomalizira, koma mnofu unatsalabe kunja.

"Apa bambo, nambala yake m'kopemu mulibe. Mumamva ludzu pafupipafupi?"

Apolisi awiri aja anatembenukira kumpanda, mapewa akugwedezeka. Sajeni anakoka malaya ake, maso ali gwa.

"Ngati n'za sukulu, wakwiriranji?"

"Sindinakwirire ine."

Maso onse anabwera kwa ine. Ndikanati ndinene zoona, kuti ndinkamuganizira zopita kutchire, kukanakhala kumukweza ndekha m'galimotomo. Ndiye ine Nabanda, amene ndinkadziwa wolowa ndi wotuluka m'nyumba iliyonse mumzere wathu, amene anthu ankabwera kudzandifunsa nzeru, ndinakanda kumutu n'kumwetulira ngati chitsiru.

"Bwana, ndakalamba, mutu sukugwira. Ndinabzala. Ndimati zibereke zina."

Amake Esinati anaphulika ndi kuseka, mzere wonse n'kutsatira. Sajeni anamusiya Lameki, kumuponyera kope lake, n'kunena kuti, "Dokotala, uyambe kuchiza agogo akowa." Anakwera galimoto n'kumapita.

Lameki anakokolola zitini zake. Atamaliza anangoti, "Agogo, mukanangondifunsa." Ndinalowa m'nyumba, ndipo sabata imeneyo ngakhale kutchalitchi sindinapite.

Mwanayo sanapite kutchire, ndipo sankaganizako n'komwe. Pano akugwira ntchito kuchipatala. Nkhondo inatha, koma dzina langa silinachire. Mpaka lero ndikamadutsa, ana amene panthawiyo anali asanabadwe amafuula kuti, "Mbuya, zamera?" Amake Esinati akandiona ndikubwera amabisa ayironi yawo monamizira, ati ndingaibzale. Wofunsa nzeru sabweranso.

Shuga uja anadzandipeza ine, wodya mafuta aja ankawaika pambali. Lameki anandipangira tizitini tiwiri ta simenti toti ndizinyamula m'mawa uliwonse. Ndimanyamulira m'chipinda, makatani nditatseka.

Amene anakanena kupolisi sindinamudziwebe. Ndikukayikira anthu asanu ndi awiri, ndipo atatu anamwalira ndisanawachotse pamndandanda.

Mukadzadutsa ku Tafara, dzandizondeniko, nyumba yake ndi ya repu kuseri. Masiku ano ndimakhala ndekha, ndipo msana uja sunabwerere m'malo. Koma mugogode, mutchule dzina lanu ndi la bambo anu, ndipo muime poti ndikuoneni bwino pawindo.