Tsiku Limene Pusi Anaonana Maso ndi Apongozi Ake

Mwambi umene mumaumva uja, ana inu, unayamba motere, ndipo onena kuti unachokera m'nkhalango musawamvere.

Pa Mitundu panali mkulu wina wojambula zithunzi dzina lake Gelevazio, koma aliyense ankamutchula Pusi chifukwa paubwana wake sankatsika m'mitengo ya mango. Anali munthu wokoma mtima, koma maso ake analibe mpanda. M'kompyuta mwake munali pulogalamu yokonzera zithunzi, ndipo akaona pa intaneti chowonjezera chilichonse cha pulogalamuyo, kaya choyeretsa mano, kaya chochotsa dazi, kaya choika ndege kumbuyo kwa munthu, ankangoti, "Ichi chakoma," n'kuchilowetsa.

Tsiku lina kunabwera apongozi ake, aNankhoma, limodzi ndi mwana wawo Felesiya, mkazi wa Pusiyo. Anabweretsa chithunzi chimodzi chokha chimene malemu amuna awo anasiya, chong'ambika pachipumi. Ankafuna chikonzedwe tsiku lomwelo, poti m'mawa mwake kumudzi kunali mwambo wa chiliza cha malemuwo.

Paja mkamwini ndi apongozi sapenyana m'maso. Choncho aNankhoma anakhala pansi panja pafupi ndi khomo atafulatira, Pusi ali m'kati, Felesiya ali pakhomo kunyamula mawu, ngakhale onse ankamvana bwinobwino.

"Uwauze amuna akowo asandisinthire munthu wanga," anatero aNankhoma. "Angomata pong'ambikapo."

"Auzeni amayi kuti imeneyo ndi ntchito ya kamphindi," anayankha Pusi.

Analowetsa chithunzicho m'kompyuta, nadina pulogalamu ija. Inangoonetsa dzina lake, n'kuti phethi, kuzimiririka. Anadinanso, chimodzimodzi. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Anazula mawaya, kuwauzira mpweya, kuwabwezera. Anaipukuta ndi mpango wake wa m'thumba, mpaka anainong'oneza mawu achikondi amene Felesiya anali asanawamvepo chikwatiwire. Pulogalamu osatseguka.

"Uwafunse ngati atha," anatero aNankhoma.

"Auzeni kuti makinawa akudziwongola kaye," anatero Pusi, thukuta lili kamukamu.

Ataona kuti zafika pa mwana wakana phala, anaimbira foni mnzake Chikaonda wa ku Lilongwe, amene anamuikira pulogalamuyo, nalankhula monong'ona.

"Yayamba liti zimenezi, achimwene?" anafunsa Chikaonda.

"Lero lomwe. Dzulo madzulo ndinaika chowonjezera choika utawaleza."

"Zowonjezerazo muli nazo zingati?"

"Aa, pang'ono chabe. Kungoti sizikwana pa sikirini."

"Ndiye vuto ndi limenelo. Pulogalamuyo ikamadzuka imasenza zonsezo nthawi imodzi, ndiye chimodzi chikakhala chovunda imagwa nazo. Muzichotsa chimodzichimodzi n'kumayesa."

Malangizo anali abwino, koma anagwera munthu wolakwika. Pusi akaloza choti achotse, mtima unkamupweteka. "Ichi ayi, chakoma. Ichinso ndinachivutikira." Anachotsa ziwiri zimene sankazikonda kwenikweni, nayesa. Phethi. Cha utawaleza chija sanachikhudze n'komwe, poti chinali chatsopano.

Dzuwa linapendeka, ndipo ma minibasi opita kwawo kwa aNankhoma anayamba kuchepa pa siteji. Kenaka mayiwo anausa moyo.

"Uwauze asavutike," anatero motsitsa mawu. "Andibwezere. Ndikaonetsa anthu chong'ambikacho, ndi mmene ndakhala ndikumuonera zaka zonsezi."

Mawu amenewo anamulasa Pusi, chifukwa apongozi akewo ankawakonda zedi. Anatsinzina, nachotsa zowonjezera zonse osasiyako n'chimodzi chomwe. Atadina, pulogalamu inatseguka msangamsanga ngati mbuzi yoimasula chingwe. Anamata chipumi chija mosamala, nasindikiza chithunzicho, Felesiya n'kuchitulutsa panja.

ANankhoma anachiyang'anitsitsa, kenaka analankhula.

"Ndi yemweyu. Ndi mpata wake wa m'mano womwe. Uwauze kuti Mulungu awadalitse."

Apa, ana inu, munthu wanzeru akanazimitsa kompyuta n'kuperekeza alendo ku siteji. Koma kuyamikako kunamulowa Pusi m'mutu.

"Auzeni amayi adikire pang'ono," anatero. "Bambo aja sangapite kuchiliza chawo ndi malaya wamba. Ndiwaveka suti, kumbuyoko ndiwaikira ndege."

"Bambo, zisiyeni," anatero Felesiya.

Koma mwamuna anali atayamba kale kubwezera katundu wake. "Ichi chakoma, ichi chakoma, ichinso chakoma." Zonse zinabwerera, ndi cha utawaleza chomwe. Anatsamira kumbuyo monyadira, mpando uli pa miyendo iwiri, nadina. Ulendo uno sikirini yonse inada bii. Pusi anadzidzimuka, mpando unaterereka, iye n'kugwa chagada kutulukira pakhomo, mutu kukafika pa mapazi a apongozi ake, amene anali ataimirira kuti azipita. Iye kupenya m'mwamba, iwo kupenya pansi, maso ndi maso.

ANankhoma anayesa kuphimba kumaso ndi chitenje, koma phwete linawapulumuka. Anaseka mpaka misozi, ndipo Felesiya amati chimwalirire bambo ake anali asanawaonepo akuseka chotero. Kenaka, koyamba chiyambire ukwati uja, analankhula ndi mkamwini wawo popanda wonyamula mawu.

"Dzukani, mwana wanga. Munthu wanga ndamutenga, ndege musunge."

Chithunzi chinafika kuchiliza, nkhaninso inafika nawo. Ndipo aliyense wofunsa kuti mkamwini bwanji akuyenda atagwira msana, aNankhoma ankapukuta misozi ya kuseka n'kuyankha kuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi anagwa chagada."