Maambulera a eni ake ku Girisi

Mpaka lero mayi a Tadala akamafotokozera anzawo za ulendo wathu wa ku Girisi amanena kuti "nditapita", osati "titapita". Ine ndimangoyang'ana pansi, chifukwa sakunama kwenikweni.

Ntchito yanga kuno ku Dubai ndi ya pamchenga, pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Ndimayala timabedi towotherapo dzuwa alendo, kutsegula maambulera, kupinda mathaulo, ndi kuthamangira aliyense amene wakweza dzanja. Ndimagona ku Sonapur m'chipinda cha kampani. Mkazi wanga amalera ana a Mwarabu wina ndipo amagona konko, moti timaonana tsiku la ofu lokha, pa benchi ku Karama, ngati anthu ongoyamba kumene chibwenzi. Mwana wathu Tadala ali kwa apongozi ku Ntcheu.

Chaka chatha hotela inandisankha kukhala wantchito wolimbikira, mphoto yake ulendo wa anthu awiri wokapuma pa kachilumba kena ka ku Girisi, viza n'kutikonzeranso. Mayi a Tadala anachita kugwadira madamu awo kuti awamasule masiku ochepawo. Chimene ankafuna iwo chinali chimodzi: kujambulitsa tili awiri, tikuoneka ngati banja, chifukwa chithunzi chathu chimene mwanayo ali nacho ndi cha ukwati basi, ine ndidakali ndi tsitsi.

"Bambo a Tadala, kumeneko inu n'kugona, ine n'kugona. Khalas, nkhani yatha," anatero mu ndege.

"Inshallah," ndinayankha (amene mwakhala kuno mukudziwa kuti yankho limeneli silimanga munthu).

Kachilumbako n'kokongola, tisanamizane. Tinyumba toyera, amphaka paliponse, kamphepo kozizirira, osati ng'anjo yathu ino. Koma m'mawa woyamba thupi linandidzutsa nthawi ya basi ya kampani. Ndinati ndikangoyenda pang'ono kugombe. Kumeneko ndinapeza timabedi tayalidwa mokhotakhota ngati mizere ya munda wolimidwa ndi munthu woledzera. Ndinawongola kamodzi. Kenako kanzake kanayamba kuoneka moipa. Pamene dzuwa limatuluka, gombe lonse linali mu mzere ndipo ine thukuta lili kamukamu.

Masana ndinayesadi kugona pafupi ndi mkazi wanga. Ndinali nditavala shati yoyera ndi kabudula wa khaki zimene ndinagula ku msika wa Naif (sindinaganize kuti ndadzigulira ndekha yunifolomu). Gogo wina wachizungu anakweza dzanja cha uko. Miyendo yanga sinandifunse. Ndinangozindikira ndaima patsogolo pake, dzanja pachifuwa, ndikumwetulira kumwetulira kwa kuntchito. Ankafuna ambulera isunthidwe. Ndinaisuntha. Amuna ake anafuna thaulo, ndinakalisaka. Oyandikana nawo ataona kuti pafika munthu wochangamuka, manja anayamba kuphuka gombe lonse.

Mwini malowo, mkulu wandevu zoyera amene ankakhala pamthunzi tsiku lonse, anaona zonsezi ndipo sanauze munthu kuti sindine wantchito wake. Anandibweretsera kakhofi kowawa m'kakapu kakang'ono, n'kundilozera ndi chibwano pamene pamakhala kiyi wa kosungira mathaulo. Ine ndinati akundilemekeza.

"Mwalembedwa ntchito?" anafunsa mayi a Tadala, osachotsa chipewa kumaso.

"Ayi, ndikungothandiza."

"Habibi, wapamtima wanga, tinakwera ndege ulendo wonse uja kuti mudzathandize?"

Za chithunzi ndinkangoti mawa. Ndikati ndiime nawo, wina waitana. Akati apemphe munthu atijambule, ine ndili uko ndikukutumula mchenga pa bedi la eni ake.

Tsiku lomaliza panali boti lotengera alendo kukaona mapanga kuseri kwa chilumba. Mayi a Tadala anavala diresi yawo yachikasu imene anaisungira tsikuli, ndipo anati tikajambulitsa m'botimo. Tikupita padoko, kunabwera chimphepo. Ambulera imodzi inazuka n'kuyamba kugubuduka kulunjika kumene kunakhala anthu. Munthu wa ntchito yanga sangaone zimenezo n'kupitirira.

"Yalla, tiyeni, boti likunyamuka!" anakuwa mayi a Tadala.

"Tsogolani, ndikupezani pompano."

Ndinaigwira. Inazuka ina. Ndinaigwiranso, n'kuyamba kutseka zotsalazo kuti zingavulaze munthu (mkulu wandevu uja ankandilozera zimene ndaiwala). Ndinamva hutala ya boti. Potembenuka, boti linali litachoka kale, mayi a Tadala ataima kumbuyo kwake, diresi ikuuluzika, manja atapinda. Sanandibayibitse. Ine ndinaima pamenepo, ambulera kukhwapa uku, ina kukhwapa uku.

Atabwerako sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa. Anakhala pabedi n'kutumiza ku Ntcheu chithunzi chimene mlendo wina anawajambula boti likuchoka. Iwo anaoneka bwino zedi. Kumbuyo kwawo, chapatali, kunkaoneka kamunthu ka shati yoyera kakulimbana ndi ambulera. Posakhalitsa pa foni panalowa mawu a Tadala, ndipo anawatsegula mokweza.

"Amayi mwatchena! Koma adadi bwanji sanawapatse ofu?"

Mayi ake anadina foni n'kuyankha modekha, akundiyang'ana.

"Anawapatsa, mwanangu. Anakana okha."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo manyazi amene ndinamva sindinawamvepo ngakhale pamaso pa supavaiza. Ndinapepesa, ndinalumbira kuti ndasintha, kuti kuyambira lero ndikakhala pa tchuthi dzanja la munthu likakwera ndiziyang'ana kumbali. Mayi a Tadala ankangoyang'ana manja anga. Ndinali ndikulumbira uku ndikupinda mathaulo a m'chipinda chathu, kuti wodzakonza m'mawa asavutike.