Palibe Anapambanapo Pamaso pa Aboy Zerezghi

Mukadawafunsa mdala wathu Aboy Zerezghi, akadakuuzani kuti mpikisano wa njinga wa kwathu ku Dekemhare sunapambanidwepo ndi munthu. Mayina a onse amene anafika patsogolo, kuyambira nthawi ya atsamunda a Chitaliyana, ankawadziwa ngati ana awo, koma dzina lililonse linali ndi chilema chake. Uyu anakankhidwa ndi mphepo. Uyo anathandizidwa ndi bulu amene anatchinga anzake pakona. Wina sankapikisana n'komwe, ankathawa apongozi.

Wozunzika nawo ndinali ine, poti mzere womalizira amaujambula pakhomo penipeni pa tiyirumu yanga. Tsiku la mpikisano ankalawirira kudzalanda mpando wakutsogolo.

"Aboy, chaka chino mungoomba nawo m'manja, chonde," ndinkawadandaulira.

"Ndiombere chiyani? Iwe ukaona madzi akutsika phiri umaomba m'manja?"

Chaka china anapambana Kiflom, mnyamata wa miyendo ngati mitengo ya bulugama. Asanatsike n'komwe panjinga, mdala uja anali atafika kale.

"Iwe, pita ukathokoze msomali umene waboola tayala la mnzako. Ukaugulire ndi mowa."

Vuto linali lakuti Kiflom ankafuna Mihret, mwana wawo wachitsirizira. Akuluakulu a kwa mnyamatayo atapita kukafunsira mbeta, Aboy anangoti, "Mwana wanga akwatiwe ndi munthu wodalira msomali? Apambane kaye payekha."

Kiflom anakwera mapiri chaka chathunthu mpaka kuonda ngati sipoko ya njinga. Tsikulo litafika anawasiya anzake kutali, moti ine ndinatsuka makapu onse wachiwiri asanaoneke.

"Nanga lero, bambo?" anafunsa ali wefuwefu.

"Mumsewu unalimo wekha. Wapambana ndani?"

Mnyamata anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Ndi pamene Adey Letebrhan, akazi awo a mdalayo, anatulukira m'chigulu cha anthu atagwira m'chiuno.

"Inu bambo a Mihret, inuyo munapambana chiyani kuti ine ndikuloleni?"



"Munapalasa kamodzi kokha, ndipo munabwerera pa lole ya anyezi, njinga ili pamiyendo."

"Lole ija ndiyo inandipempha," anatero Aboy, koma motsitsa mawu.

Ukwati unachitika. Pa madyerero anakoka mkamwini wawoyo pambali n'kumunong'oneza, ife tonse tikumva: "Apanso wakankhidwa ndi apongozi ako aakazi."

Zaka zinapita, ndipo mpikisano unayamba kuonda. Anyamata aluso ankapita kunja, tizingowaona pa foni. Ena ankangosowa, mayi awo osafuna kufunsidwa. Otsalafe tinkajambulabe mzere uja, mawondo akulira. Maso a Aboy nawo anachita khungu. Gulu likamadutsa ankandigwira mkono.

"Wafika ndani?"

Ndikawauza dzina, ankapukusa mutu. "Ine sindinamuone. Ndiye sanapambane."

Anamwalira m'nyengo ya mvula, mpikisano utayandikira. Chaka chino wapambana Filmon, mwana wa telala. Anthu anaomba m'manja, anam'patsa maluwa, koma iye anangoima potero, akuyang'ana uku ndi uku ngati wataya chinthu. Kenako anabwera pakhomo panga.

"Amalume, kodi Aboy akanati chiyani?"

Tinayesa kuwatsanzira. Kiflom, amene tsopano ali ndi mimba yake, anati, "Mphepo." Palibe anaseka. Wina anatchula bulu, koma chaka chino kunalibe bulu.

Adey Letebrhan anali atakhala pakona m'zovala zawo zakuda, tiyi atazizira m'manja.

"Akanafika kunyumba mawu atasasa," anatero, "n'kukana chakudya, n'kuyamba kundifotokozera momwe wakhotera pa tchalitchi paja osagwira mabuleki. Nonsenu ankakutamandani kwa ine, ine wosadziwa ngakhale kukwera njinga. Iwe Kiflom, za iwe ndinamva mwezi wathunthu. Munanditopetsa, ana inu."

Kiflom anatembenuka n'kuyang'ana khoma.

Kale tsiku la mpikisano tinkabalalika dzuwa litapendeka, makosi atauma ndi kukangana. Tsopano njinga yomaliza ikangodutsa, aliyense amavomereza kuti wapambana ndi wakuti, n'kumapita kwawo. Ine ndinalowetsa mipando dzuwa likadali pamutu.