Mapewa a Pofika Lolemba

"Iwe Jairos, wadya chitumbuwa! Usakane, mafuta ali pachibwano apo!"

Limbani anamenya tebulo mpaka mabotolo anavina. Munali mwa mayi wina wotcheza kachasu ku komboni ya Nabvutika, Lachitatu masana, ntchentche nazo zitaledzera kale. Jairos anapukuta chibwano ndi kolala ya shati.

"Ndi girisi wa njinga uyu, Kochi."

"Girisi wonunkhira yisiti? Yasamula ndione!"

Alfonsi anangoti zyoli. Iye chitumbuwa sanadye, koma anali atachilota kawiri.

Gulu lonse linali anthu atatu omwewa. Limbani ankamutcha Kochi chifukwa anakolopako milungu itatu mu jimu, malo olimbitsira thupi a anthu olemera, asanamuchotse atamupeza akuyesa nsapato za kasitomala. Jairos wa njinga ya kabaza anali Buleki, poti njinga yake ankaimitsa ndi chidendene. Alfonsi anali Waya. Mukanamuona simukanafunsa chifukwa chake.

Kuwonda kumeneku ndiko kunamugwetsera m'manja mwa Kochi. Lolemba la mlungu womwewo anakaima pamzere kukampani ina ya alonda, satifiketi ya giredi thwelofu ili m'pulasitiki kuopa thukuta. A Andireya, supavaiza wa pamenepo, pepalalo sanaliyang'ane n'komwe. Anangomufinya paphewa ngati akusankha nkhuku pamsika.

"Yunifomu yathu ilibe saizi ya hang'ala. Malo atsala amodzi. Ubwere Lolemba likubwerali uli ndi mapewa, apo ayi ndipatsa wina."

Zaka zinayi akuzungulira Chipata ndi envelopu, mkazi wake Chipo ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndiye munthu akuti ubwere ndi mapewa! Amagulitsa kuti mapewawo? Kochi anati akudziwa kumene amagulitsa. Choncho kuti akhale mlonda, Alfonsi anayenera kuyamba wakhala mbava. Musaseke, dziko lake ndi lomweli.

Kochi anaviika chala m'kachasu n'kujambula mapu patebulo.

"Iyi ndi sitolo ya a Majid ku Down Shops, ya mipira ndi zitsulo za jimu. Umu muli zigubu zakuda za ufa wotchedwa weyi puloteni. Azungu amatenga madzi otsala akapanga tchizi, n'kuwaumitsa. Mtengo wa chigubu chimodzi, mbuzi ziwiri. Supuni imodzi ndi ng'ombe yathunthu, anangochotsa nyanga. Waya, iwe umwa Lachisanu, Loweruka mapewa atuluka, Lamulungu upume, Lolemba yunifomu ikung'ambikira pamsana. Zotsalazo tigulitsa kwa anyamata a majimu."

"Nanga njalayi itha liti?" anafunsa Buleki.

"Si njala, mbuli iwe, ndi dayeti! Ufawu sulowa m'thupi lodzaza makabu."

Makabu, monga anamvera Kochi ali ndi mopu m'manja, ndi nsima, mpunga, buledi, mbatata, chinangwa ndi shuga. Kunena mwachidule, chilichonse chimene ku Nabvutika chimatchedwa chakudya. Zoti mabwana a mu jimu akasiya zimenezi amakhuta nyama, mazira ndi mapeyala, mbali imeneyo ya phunziro inamudutsa ali kunja kukataya madzi. Ndiye kuyambira Lolemba gululi linkagawana dzira limodzi anthu atatu, kabichi wowiritsa, ndi mtedza wosadzaza chikhatho. Masese analetsedwa. Kachasu yekha ndiye analoledwa, poti Kochi anati ngwoyera ngati mtima wa khanda.

"Tilowa nthawi yanji?" anafunsa Alfonsi.

"Mdima ndi wa mbava zosaphunzira. Ife Lachisanu dzuwa lili paliwombo, a Majid akatseka kupita kumzikiti. Buleki, iwe pakona ndi njinga. Ukaona munthu, uliza belu."

"Belu inagwa."

"Uimbe mluzu."

"Pamimba yopanda kanthu mluzu sutuluka, Kochi."

"Ndiye ukhosomole!"

Lachisanu Alfonsi anadzuka mutu ukugunda ngati chigayo, m'kamwa mukununkha zachilendo. Chipo anamuikira mbatata yootcha pambale. Iye anatembenukira kukhoma.

"Ndikusala kudya."

"Mu Okutobala? Lenti imeneyo analengeza ndi abambo mfumu ati?"

Alfonsi anangodzikoka n'kutuluka panja. Kuyankha kumafuna mphamvu.

Buleki anawakweza onse awiri panjinga. Anapalasa mpaka pa kachitunda koyamba, njinga inayamba kubwerera yokha. Anatsika, n'kuikankha atatu ngati galimoto yotha mafuta.

Kuseri kwa sitolo kunali kawindo kakang'ono pamwamba pa mpopi. Waya analowa ngati ulusi m'singano. Kochi anatsatira, ndipo naye anadutsa. Apa tisaname, dayeti inagwira ntchito.

Zigubu zinali ndondondo pashelefu, chilichonse chili ndi chithunzi cha chimunthu cha mikono ngati thumba la mbatata. Alfonsi anagwira katoni ya zigubu zisanu ndi chimodzi, n'kukoka. Katoni inakana. Anakoka awiri. Maso anachita mdima, onse anakhala pansi.

"Osadandaula," anatero Kochi akupuma wefuwefu. "Mphamvu tili nayo pompano. Timwa, kenako tinyamula sitolo yonse."

Malo obisa ndowa yokolopera Kochi sankawaphonya m'nyumba iliyonse. Anaitsukuluza pang'ono, n'kutunga madzi, n'kutsegula chigubu. Fungo la keke ya ukwati linawamenya m'mphuno, Alfonsi misozi inalengeza.

"Kochi, apa alemba kuti supuni imodzi."

"Supuni imodzi ndi ya anthu amene ali ndi nthawi. Iwe uli ndi Lolemba."

Anakhuthula chigubu chonse, n'kutakasa ndi pompa ya mpira. Anamwa mosinthana, ndowa kukamwa, phala likuyenderera m'khosi mpaka m'malaya. Masiku asanu a njala anathera m'ndowa imeneyo.

Kenako anadikira. Alfonsi anavula shati n'kuima pagalasi loyesera majezi. Anayang'ana phewa lamanja. Anayang'ana lamanzere. Chinatuluka ndi mimba yokha, yozungulira ngati dzungu, ikulira ngati thirakitala yokana kunyamuka.

"Kochi, m'mimbamu muli msonkhano."

"Ndi minofu ikuitanizana. Ine yanga yafika kale, ndikuimva m'mikonomu. Taona."

Pakati pa sitolo panali benchi yoonetsera makasitomala, pamwamba pake chitsulo chachitali chokhala ndi mawilo olemera uku ndi uku. Kochi anagona chagada monga ankaonera mabwana aja, analavulira m'manja, n'kukankha. Chitsulo chinachoka pa zokolekera. Chinatsika bwinobwino, mwaulemu, n'kukhala pachifuwa pake ngati chafika kwawo.

"Waya... chotsa."

Alfonsi anakoka. Mimba inayankha, chitsulo sichinayankhe. Anakwera pawindo n'kuitana chapansipansi: "Buleki! Buleki!" Pakona panali njinga yokha, itatsamira khoma.

Pamapu ake a kachasu aja, Kochi anaiwala kujambula chinthu chimodzi chimene aliyense ku Down Shops amachidziwa. Lachisanu ndi tsiku la sadaka. Akachoka kumzikiti, a Majid amagawa mabanzi kwa osauka, ndipo pakhomo la kumaso pamakhala mzere wa nkhalamba ndi olumala akudikira. Buleki anazungulira kukaona ngati kuli anthu, anapeza anthu, anafunsa akudikira chiyani, anamva liwu loti banzi. Panthawiyi anali wachikhumi ndi chinayi pamzerepo, mutu atapendeketsa ngati mwana wamasiye.

Mkati, Kochi anali atasanduka mtundu wa phulusa. Maso anali kunja, lilime likutsatira. Alfonsi anayang'ana kawindo. Akanatha kuponya chigubu chimodzi panja, n'kudzifinya, n'kuthawa. Palibe amene anamuona. Lolemba likanakhalabe lake, Chipo akanagula matewera. Anafika pogwira mphepete mwa kawindoko. Kumbuyo kwake Kochi analira kamawu kakang'ono ngati mwanapiye wopondedwa.

Alfonsi anatukwana, anatsika, anathamangira kuchitseko cha kumaso n'kuyamba kuchimenya ndi manja onse.

"Thandizeni! Muno muli akuba, mmodzi akufa!"

Mzere wonse unakhamukira pakhomo. A Majid anali akutulukira pakona, mkanjo woyera, makiyi m'manja. Anatsegula. Anaona munthu wopanda shati, nthiti zowerengeka, mimba ya ng'oma, ndevu za phala. Anaona wina atapanidwa pabenchi ngati mbewa pamsampha.

Amayi awiri achikulire a ku Kasenengwa, anthu osenza matumba a thonje moyo wawo wonse, anamanga zitenje, wina uku wina uku, n'kuchotsa chitsulocho ngati akusuntha musi.

"Mwana iwe," mmodzi anafunsa akumupepeza Kochi ndi duku, "unadya liti nsima?"

"Ili ndi makabu, amayi," ananong'ona Kochi, n'kukomoka.

Apo ndi pamene Buleki anasuzumira pamwamba pa mitu ya anthu. "Kochi, ine ndakhosomola katatu, inu ndi amene simunamve!" Dzanja la munthu wakhungu linamugwira lamba, ndipo silinamusiyenso.

A Majid anatola chigubu chopanda kanthu, anachigwedeza, anasuzumira m'ndowa. "Cha mwezi wathunthu ichi. Mwamwa anthu awiri? Ndi madzi a mopu? Ana anga, chimene chikubwera m'mimbamo ngakhale apolisi sangachipose. Bwanji osangoima pamzere ngati mnzanuyu?" Anatulutsa foni n'kuimbira kampani imene imalondera masitolo a mumsewuwo.

Zinatenga theka la ola kuti galimoto ifike kuchokera misewu iwiri. Choyamba kulowa m'sitolo chinali mimba, lamba akulira pansi pake, kenako mwini wake, chotokosera m'mano chili kukamwa. A Andireya anamuyang'ana Alfonsi kuyambira kumapazi.

"Aa, si iwe hang'ala wa Lolemba uja? Basi, malo ako apita. Ife sitilemba mbava."

Alfonsi anaimirira. Mimba inabangula, nkhalamba zinabwerera m'mbuyo, koma iye sanasamale. Njala ya masiku asanu, envelopu ya zaka zinayi, zonse zinakwera kummero nthawi imodzi.

"Mbava ndine, inde, lembani! Koma inu a Andireya, mapewa anu ali kuti? Anakuyezani ndani inuyo? Sitolo iyi mumalondera ndinu. Alonda anu a mapewa aja anali kuti pamene anthu awiri amalowa pawindo dzuwa likuswa mtengo? Wakuwa kuti muli akuba ndani? Ine! Wawatsekereza mpaka mwini sitolo wafika ndani? Ine, Waya, ndi mapewa omwewa! Akuba atatu tsiku limodzi, opanda ndodo, opanda yunifomu. Pakampani panu alipo anachitapo zimenezi? Ndiye Lolemba ndifike nthawi yanji? Siyani foniyo, a Andireya, anthu onsewa akumva. Ndiyankheni!"